Mbawa ya Akamwini

Ulendo umene ndikusimbawu unandidyera njinga, zikhadabo ziwiri za kuphazi ndi mkazi. Zikhadabozo zinameranso.

Chinali chaka chachiwiri cha Chitaganya, mwezi wa Seputembala, ndili mkamwini m'mudzi wina kufupi ndi pamene Likangala amathira m'nyanja ya Chilwa. Mkazi wanga anali Patuma. Tinali titakhala zaka zitatu, mwana tisanaone, ndipo ndinkamukonda moti anzanga kudoko ankandiseka kuti ndinadya za m'botolo. Nsomba ndinkaphera m'bwato la amalume ake, Che Bwanali, eni mbumba. Ngakhale nkhafi imene ndinkapalasira sinali yanga. Inali yakale, yodindidwa mizere itatu ndi mtanda pachigwiriro, ndipo anaisiya ndi Che Amidu, mwamuna wa mkulu wake wa Patuma, amene akuti anangodzuka tsiku lina nkupita ku Halale osalembanso kalata. Changachanga pamudzipo inali njinga yokha, imene anandisiyira bambo anga.

Lachisanu lina titachokera ku mzikiti, Che Bwanali anandiitanira pakhonde pawo. Anali akusoka ukonde, ndipo sanadzutse mutu.

"Akamwini, mlongo wake wa Patuma akubwera kuchokera ku Joni mvula ikamayamba. Bwato lija ndi la mbumba, lipita kwa iye. Inu mudzakwera chiyani?"

Ndinati ndiganiza.

"Ganizani msanga. Mwamuna wopanda bwato pano ndi pakamwa chabe, ndipo mwana wathu sitingamusungire pakamwa. Mvula ikakupezani opanda bwato, njira ya kwanu mukuidziwa." Analuma ulusi nkuulavula. "Koma ine si munthu woipa. Ndili ndi mtengo kuphiri la Zomba, mbawa, anthu anayi sangaikumbatire. Ndinadindapo chizindikiro changa ndili mnyamata. Ili pansi pa mpata wa Chipande ndi Mutu wa Mlamba. Ndakupatsani."

Ndinagwada nkuwomba m'manja. Ndikakumbukira kugwada kumene kuja, mpaka lero malovu amawawa.

Mpatawo palibe msodzi wa ku Chilwa amene sankaudziwa. Nyanja yathu ilibe njira, ndi madzi ndi mabango basi, tsono munthu ukatchera miono umayang'ana kumadzulo nkuona pamene nsonga za phiri zalunjikana ndi mgwalangwa wakuti kapena mwala wa pachilumba cha Chisi. Mawa ukabwerera umalunjikanso momwemo, miono yako nkuipeza. Nsongazo tinazitcha maina athuathu, ndipo tikamawerenga tili m'bwato zimakwana zisanu, zoyandikana ngati zala. Pakati pa Chipande ndi Mutu wa Mlamba pamaoneka kampata kooneka bwino, koti munthu ungaloze ndi chala. Ine ndinati phiri limenelo ndimalidziwa kuposa nkhope ya amayi anga.

Njinga ndinagulitsa kwa telala wina wa ku Kachulu. Ndinakapangana ndi a Namakhwa, Mlomwe wachikulire wosema mabwato, kuti tikaone mtengowo, akauyeze, kenako tidzamemeze anthu okoka. Chingwe ndinabwereka cha khoka, chachitali.

Mmawa wonyamuka Patuma anandimangira matemba owamba ndi chigumu m'kansalu. Akumanga anayankhula chapansipansi.

"Bwanji ndalamayo mukagule bwato lakale ku Kachulu? Ngakhale lobooka, mudzamata."

"Ndikagule chiphapha pamene amalume ako andipatsa mbawa?" ndinatero ndikuseka. "Ukufuna anthu azinena kuti mwamuna wako amapalasa lichero?"

Patuma anayang'ana kukhonde kwa amalume ake, kenako anayang'ana ine.

Tinakwera lole ya mmwenye wina yonyamula nsomba zouma kupita ku Zomba, sheleni imodzi ndi sikisi pamutu, ndipo chingwe chinalipiritsidwa tiki pachokha, ati chikudya malo a dengu. Tinakhala pamwamba pa madengu anthu ngati khumi ndi awiri, ntchentche osawerenga. Pafupi ndi ine panali mayi wina wogulitsa nsomba, Abiti Sumani, wonenepa, wa pakamwa posatseka. Asanathe mamailo awiri anali atadziwa kale dzina langa, kwathu, ndi chimene ndinanyamulira chingwe.

Lole inayenda bwino mpaka pa kamlatho kena ka matabwa, pomwe tayala lakumbuyo linaphulika ngati mfuti. Tonse tinatsika. Tayala lapadera linalipo, koma linali lophwa kuyambira chaka chatha. Dalaivala anatulutsa chubu, anamata, anapopa, chinaphwa. Anamatanso, anapopa, chinaphwanso. Kenako ulimbo womatira unatha, tsono anatuma mnzake wapansi kuti akafune kwa okonza njinga kutsogolo, iye nkugona pansi pa lole chipewa kumaso. Tinakhala pamenepo kuyambira dzuwa lili pamapewa mpaka litapendeka. Mthunzi unali wa mtengo umodzi wa mthethe, ndipo tinkasuntha nawo pamodzi ngati nkhuku. Munthu wina amene ankathamangira mlandu ku boma anayamba wapansi akutukwana. Wina anagulitsa nzimbe zake zonse kwa ife tomwe.

Pamenepo mpamene Abiti Sumani anandiyamba.

"Che Twaibu, mwati mtengowo wakhala zaka zingati ukukudikirani?"

"Zopitirira makumi atatu, mayi."

"Mbawa yaikulu choncho? Ocheka matabwa a ku Zomba onse aja ndi akhungu? Azungu a mipando ya mbawa aja sanauone?"

"Uli pobisika," ndinayankha.

"Ehe. Ine nsomba yaikulu ikatsala padengu mpaka madzulo, sindinena kuti anthu sanaione. Ndimainunkhiza."

Anthu anaseka. Ine ndinati amayi a pamsika amadziwa za ntchentche, za mitengo azisiyira amuna. A Namakhwa sanaseke nawo. Anangofwenkha fodya wawo wamphuno nkuyang'ana kuphiri, limene tsikulo linkaoneka mwa chizimezime chifukwa cha utsi wa moto wolusa. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine tsiku limenelo khutu ndinali nditalisiya kunyumba.

Ku Zomba tinafika ofesi ya zankhalango atatseka kale. Tinagona kwa munthu wa kwathu wogwira ntchito yophika, mmawa nkukakhala pabenchi. Tinadikira mpaka cha m'ma leveni. Kalaliki wake anali munthu waulemu ndithu. Anatifotokozera kuti chikalata chimene atipatse nchongolowera m'nkhalango tsiku limodzi, mawa lake, kukaona mtengo, osadula, osayatsa moto. Mtengo ukapezeka, adzapita mlonda kukauyeza, msonkho wodulira nkulipira pambuyo.

"Malo ake ndi ati?" anafunsa.

"Pa mpata wa Chipande ndi Mutu wa Mlamba, bwana."

Anatambasula mapu, anayendetsa chala uku ndi uku, anaitana mnzake, nayenso anayendetsa chala.

"Maina amenewa kuno kulibe, bambo."

"Alipo," ndinatero. "Timawaona tsiku lililonse."

Anandiyang'ana pang'ono, analemba zimene analemba, nkudinda. Ndalama ina ya njinga inatsala pamenepo.

A Namakhwa anati tikakwerere ku Songani, chifukwa kumeneko anali ndi mlamu wawo ndipo anamva kuti kuli njira ya anthu otola nkhuni. Basi ya ku Liwonde inatipitirira yodzaza. Yachiwiri inaima, koma kondakitala ataona nkhwangwa, kasemasema ndi mulu wa chingwe chonunkha nsomba anati katunduyo akwere padenga ndipo alipire ngati munthu. Tinalipira. Pa Songani tinapeza msika ukuphwasuka, tinagula chinangwa chophika, nkukagona kwa alamu awo aja. Iwo anatifunsa ngati tanyamula madzi. Ndinawaonetsa kachipanda kamene ndinkamwera m'bwato. Anaseka nkunena kuti titenge chikho chachikulu, koma ine ndinakana. Munthu wobadwira pamadzi sadziwa kuti madzi amanyamulidwa. Ndinati mitsinje yonse imene imathira m'nyanja mwathu imachokera kuphiri komweko, tsono tikasowa bwanji madzi kwawo kwa madzi?

Tinanyamuka tambala wachiwiri. Poyamba njira inadutsa m'minda ya chinangwa ndi nthochi, kenako inaimirira. Miyendo ya msodzi ndi ya m'matope. Imadziwa kuzula phazi m'thope lofika m'mawondo, koma kukwera siidziwa. Dzuwa lisanatuluke bwino ntchafu zanga zinali zikunjenjemera, chingwe chikundidula phewa. A Namakhwa, ndi ukalamba wawo, ankayenda pang'onopang'ono osapuma, ine ndinkathamanga nkukhala pansi, kuthamanga nkukhala pansi.

Pa nsonga yoyamba tinafika cha m'ma naini. Ndinaimirira pathanthwe nkutembenukira kummawa kuti ndione nyanja, ndilunjike monga timachitira. Nyanja kunalibe. Kunali utsi wokhawokha, ndi kanthu kotuwa kutali kamene mwina kanali Chisi, mwina ayi. Ndinatembenukira kuphiri. Kumeneko ndiye mutu unazungulira. Nsonga zisanu zathu zija kunalibe. Kunali dziko lina pamwamba pa dziko, la udzu, mitengo ya paini yobzalidwa m'mizere ndi zigwa, ndipo m'mphepete mwake nsonga zinazungulira mbali zonse. Ndinawerenga zisanu ndi zinayi. Panalibe imene inkaoneka ngati chipande kapena mutu wa mlamba. Zonse zinali miyala ndi udzu.

"Tsono Chipande ndi chiti, Che Twaibu?" anafunsa a Namakhwa.

"Ndi chija," ndinaloza yoyandikira. Sindinkadziwa, koma mwini ulendo sanena kuti sakudziwa.

Kuchoka nsonga ina kupita inzake kunali koyenda pamsana pa phiri, kanjira kopapatiza, dzanja ili phompho, dzanja ilo chigwa. Pooneka panali pafupi, poti ungaponye mwala. Koma msanawo umatsika kaye, nkukweranso, nkutsikanso, ndipo chimene wakwera mmawa umachibweza chonse kuti uchigulenso. Pa nsonga yachiwiri tinafika madzi a m'kachipanda atatha. Mitsinje ija inalipodi, tinkaimva ikulira pansi m'zigwa, koma pamsana pa phiri sipakhala madzi, ndipo kutsikira kumeneko kukanatidyera theka la tsiku limodzi lokhalo limene tinapatsidwa. Matemba a Patuma anali amchere. Tinadya pang'ono nkuwonjezera ludzu.

Potsika nsonga yachiwiriyo ndinapunthwa pamwala, chikhadabo cha chala chachikulu nkuyimirira. A Namakhwa anachizula ndi mpeni, anathirapo fodya wawo, nkumanga ndi chidutswa cha kansalu ka chigumu.

"Mpata uja ndi uno?" anafunsa tili pakati pa nsonga yachiwiri ndi yachitatu.

Tinasuzumira mbali zonse ziwiri. Kunalibe mbawa, kunalibe ngakhale mtengo woti nkusemapo mpini.

"Ndi wakutsogolo," ndinatero.

"Achimwene, ine ndakalamba. Mukandiuza kuti simukudziwa, sindikumenyani."

Ndinali ndi manyazi, ndipo manyaziwo ndinawasandutsa mkwiyo, nkumayenda patsogolo ndikutsimphina.

Pa nsonga yachitatu, dzuwa lili paliwombo, tinapeza kanyumba kamiyala kofolera malata ndi munthu atakhala pakhomo pake. Anali mlonda woyang'anira moto, wovala chijasi cha usilikali wakale. Tisanapereke moni bwino a Namakhwa anali atagwira kale chidebe chake cha madzi. Mlondayo anatisiya timwe, anawerenga chikalata chathu, kenako anayang'ana chingwe.

"Ndinu a kunyanja."

"Inde, bambo. Tikufuna mpata wa Chipande ndi Mutu wa Mlamba."

"Ndiuzeni mmene zimaonekera muli kwanuko."

Ndinajambula pansi ndi kamtengo, china chokumbika pamwamba, china chophwatalala chotsetsereka kumpoto, ndi kampata pakati. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anandigwira phewa nkunditembenuza.

"Chipande chanucho ndi chija munayambira mmawa, mwachipondaponda osachidziwa. Mlamba wanuyo ndi uyo." Analoza kumadzulo, kutali, nsonga yobiriwira mu utsi, kuseri kwa ina. "Sizinayandikane ayi. China chili kutsogolo, china kumbuyo, pakati pake pali ulendo wa maola asanu. Mukakhala kunyanja zimaoneka ngati zagundana mapewa. Mpata wanuwo uli m'maso mwanu, kuno kulibe."

Ndinakhala pansi. Zaka zonse zija ndinkapeza miono yanga ndi chinthu choti kulibe.

"Koma mbawa mukuifunayo ilipo," anatero mlondayo.

"Mwadziwa bwanji kuti tikufuna mbawa?"

"A kunyanja akakwera kuno ndi chingwe safuna china." Anatilozera njira. Tikwere nsonga yachinayi, titsate msana mpaka yachisanu, ndipo kuseri kwake tidzamva mathithi. Titsikire kumene kukulira madziko. Anatidzazira kachipanda, natibwereka botolo lake. Tikunyamuka anandifunsa, "Inu achimwene, muli pabanja?"

"Inde, zaka zitatu."

"Chikamwini?"

"Inde."

Anagwedeza mutu. "Pobwerera mudzagone pano. Mdima ukakupezani pamsanapo mudzagwa."

Mawu akuti mbawa ilipo anandibwezera miyendo. Funso lake lija sindinalisamale. Nsonga yachinayi tinaikwera chokwawa, mphepo ikutikankha, ine malaya amodzi okha a kunyanja. Pamwamba pake sitinaime. Msana wopita ku yachisanu unali woipa kuposa yonse, miyala yosongoka ndi udzu woterera umene moto unasiya, ndipo pamenepo chikhadabo chachiwiri chinatsala. A Namakhwa anali atasiya kuyankhula. Ndinkangomva kupuma kwawo kumbuyo kwanga, ndipo kawiri konse ndinawapeza atatsamira nkhwangwa maso ali chotseka. Ndinawalandira kasemasema. Ndinkadziuza kuti bwato likadzatha ndidzalitcha dzina la Patuma, ndipo tsiku loliponya m'madzi Che Bwanali adzakhala kutsogolo, anthu akuona.

Pa nsonga yachisanu tinafika dzuwa litapendeka ndithu. Kumadzulo, pansi kwambiri, kunkanyezimira mtsinje wa Shire. Mathithi tinawamva. Kutsikira kumeneko kunalibe njira, tinamangirira chingwe cha khoka kumtengo nkumatsetsereka nacho, malo atatu osiyana, mpaka tinalowa m'chigwembe chamdima, chozizira, chonunkha masamba owola.

Mbawa inali pamenepo.

Che Bwanali sananame. Anthu anayi sakanaikumbatira. Inawongoka osapindika, yopanda nthambi mpaka kutali, khungwa lake lotuwa. Mtengo wotero sindinauonenso. Ndinaponya katundu pansi, ndinaukumbatira, ndipo ndinalira, ine munthu wamkulu. Ndinathokoza Mulungu mokweza, mawu nkumabwerera kuchokera m'matanthwe.

A Namakhwa anauzungulira akuugogoda ndi chigwiriro cha nkhwangwa, khutu lili pamtengo. Anayeza ndi mapazi. Kenako anayang'ana kumwamba kumene tinatsikira, anayenda kutsata madzi mpaka anasowa, nkubwerera pang'onopang'ono.

"Mtengo ndi wamoyo, ulibe mphako. Mabwato atuluka awiri, aakulu."

"Mwamva!" ndinatero.

"Koma adzatulukira kuti?"

Ndinawafunsa chimene akutanthauza.

"Bwerani muone." Ananditengera kumunsi. Mapazi makumi asanu okha kuchoka pamtengo, chigwembe chinathera m'malere, madzi nkumagwa paphompho loti pansi pake sitinkapaona. Mbali zonse ziwiri matanthwe anaimirira ngati zipupa. "Kumwamba tatsika ndi chingwe, ife anthu opanda katundu. Bwato la mbawa laliwisi amakoka amuna makumi atatu pamalo osalala. Pano ngakhale mutabwera ndi mudzi wonse ndi ng'ombe zake, silikwera. Mukaliponya kumunsiku lifika nkhuni, ndiponso madzi awa akupita ku Shire, osati kwanu. Mayi uja wa palole ananena zoona. Mtengo uwu sanausiye chifukwa chosauona."

Ndinati payenera kukhala njira, Che Bwanali sakanandituma chabe. Ndinabwerera kumtengo kukafuna chizindikiro chawo, ngati kuti chizindikirocho chikandiuza kotulukira. Ndinachipeza kuseri, mbali yoyang'ana thanthwe, mbedza yodindidwa ndi nkhwangwa, yakale, khungwa litaifunda m'mbali. Ndinaidziwa chifukwa ili pa bwato lawo.

Koma sinali yokha. Pansi pake panali china, ngati phazi la nkhuku. Pambali china, mizere iwiri yopingasa. Ndinawerenga zisanu ndi chimodzi, zina zakale, zina za dzana, zonse zizindikiro za asodzi, zimene timadinda pa nkhafi ndi pa mabwato. Chotsiriza, chimene chinali chisanade kwenikweni, chinali mizere itatu ndi mtanda.

Chikhatho changa chinachidziwa ndisanaganize. Zaka zitatu ndinali ndikuchigwira tsiku lililonse pa nkhafi ya Che Amidu.

Ndinakhala pamuzu. Ndinayamba kukumbukira amuna a pamudzi paja amene ndinangomva mbiri yawo: uyu anapita ku Halale, uyu anabwerera kwawo ku Phalombe, uyu anali waulesi. Onse anali akamwini a mbumba ya Che Bwanali. Munthu sankathamangitsidwa ndi ndodo pamudzi paja. Ankapatsidwa mphatso, nkugwada, nkuwomba m'manja, nkugulitsa kanthu kake komaliza kuti akaione.

"Tiyeni, dzuwa latha," anatero a Namakhwa.

Ndinatenga nkhwangwa.

"Musadindepo, achimwene. Mukudzilemba m'gulu la anthu otayika."

"Ndili kale m'gululo," ndinatero. "Che Amidu akanapanda kudinda, ine bwenzi ndikupita kukamemeza anthu okoka. Wobwera pambuyo panga adziwenso."

Ndinadinda changa, mizere iwiri yokumana ngati mchira wa nsomba, pansi pa cha Che Amidu.

Tinatuluka m'chigwembemo ndi chingwe chomwe chija, ndipo ntchito yake paulendo wonse inali imeneyo. Kwa mlonda tinafika mdima utagwa kale, a Namakhwa nditawakoleka paphewa. Mlondayo anatipatsa mbatata, ndipo mmawa tikutsazika anati, "Anzanga amene ndinawapeza pantchito pano amautcha mbawa ya akamwini. Ndikanakuuzani dzulo, koma amene ndinamuuzapo anafuna kundimenya, ati ndikufuna mtengowo ndidye ndekha."

Anatilozera njira yotsikira ku Zomba, yaifupi, ya magalimoto. Titafika m'tauni ndinawapatsa a Namakhwa malipiro awo ndi ndalama ya lole. Anafuna kundibwezera theka, ndinakana, chifukwa kunyada kunali kusanathe. Ine ndinayenda wapansi kuchoka ku Zomba mpaka kunyanja, chingwe paphewa, mapazi atakulungidwa nsanza. Lole ya mmwenye ija inandipitirira pa Matawale, ndipo ndinabisala kuseri kwa mtengo kuti Abiti Sumani asandione.

Che Bwanali ndinawapeza pakhonde pomwe paja, ndi ukonde womwe uja.

"Mwabwerako, akamwini? Mwaupeza?"

"Ndaupeza."

"Wakula?"

"Wakula. Ndapezanso Che Amidu ndi anzawo."

Singano inaima pang'ono, kenako inapitiriza.

"Munkadziwa kuti sutuluka," ndinatero.

"Ine ndinati ndakupatsani mtengo. Za njira munandifunsa?" Anakoka ulusi. "Mvula ili pafupi, akamwini."

Patuma anali kuseri kwa nyumba akupeta mpunga. Ataona mapazi anga anaika lichero pansi, anatenga madzi ofunda nkuyamba kumasula nsanza zija. Ndinamusiya amasule phazi limodzi.

"Unkadziwa?"

Sanadzutse mutu. "Achemwali anga analira mwezi wathunthu. Alamu anagulitsa makina osokera."

"Nanga osandiuza?"

"Ndinakuuzani za ku Kachulu. Ndalama ya njinga ikanakwana bwato lobooka, ndinali nditafunsa kale mtengo wake. Mukanamata, mvula ikanakupezani muli ndi bwato, amalume akanasowa chonena." Misozi inagwera m'madzi. "Anali pakhonde akumva. Ndikanatinso chiyani? Inu munaseka."

Pamenepo ndinasowa woti ndimukwiyire. Che Bwanali ndinawada, ndipo ndimawadabe ngakhale anagona kalekale, Mulungu andikhululukire. Koma mkazi anandiponyera chingwe, ine nkuchikankha ndi phazi chifukwa chinali chosaoneka bwino.

Ndinayesa. Ndinapita kudoko kukapempha ganyu, ndinafunsa eni mabwato akale ngati angandidikire mpaka nsomba zitachuluka. Panalibe amene anafuna kudana ndi Che Bwanali chifukwa cha mkamwini. Mlongo wake wa Patuma anafika ndi sutikesi ndi chipewa, ndipo mvula yoyamba inagwa sabata yomweyo. Ankhoswe anakhala pansi, nkhani sinatenge nthawi. Ndinanyamula mphasa ndi zovala zanga. Nkhafi ija ndinaitsamiritsa pakhoma pomwe ndinaipeza. Patuma anandiperekeza mpaka pa mgwalangwa wa kumalire a mudzi. Mpunga usanakololedwe anakwatiwa ndi munthu wina wa ku Kachulu wa mabwato atatu.

Bwato langalanga ndinadzalipeza patapita zaka zisanu ndi chimodzi. Linali lakale, lobooka, ndinagula ku Kachulu nkumata ndi phula. Linandisunga zaka zambiri.

Kuphiri kuja sindinapitekonso, ndipo sindidziwa ngati pansi pa mchira wa nsomba panadindidwa china. Koma nyanja ndi yomweyi, ilibe njira. Mmawa uliwonse ndikapita kukavuula miono ndimayenera kutembenukira kumadzulo, nkufuna Chipande, nkufuna Mutu wa Mlamba, nkulunjika bwato pa kampata kaja. Ndimadziwa kuti kulibe. Ndimakayang'anabe, chifukwa ndikapanda kutero ndigona ndi njala.